Mpila wa pa cipupa ca amai ku Msoro

Mwezi watha ndinakwela basi pa Intercity kupita kukaona amai. Ndinatsikila pa Katete, ndi kudikila kagalimoto kotsetseleka ku cigwa, ku Msoro kumene ndinabadwila. Amene munapitako nyengo yotentha mudziwa kuti masana kulibe cocita koma kufuna mthunzi wa mango.

Madzulo a tsiku laciwili ndinamva phokoso kuseli kwa nyumba: pha! pha! pha! Ndinapeza mwana wa alongo anga, mnyamata wa zaka 13, ali ndi kathabwa kamene anasema yekha, kooneka ngati mthiko waukulu. Anali kumenya kampila ka tenesi kothothoka ubweya pa cipupa, kubwela, kumenyanso, uku akuthamangila kumanja ndi kumanzele. Ndinawelenga mpaka 60 kampila kosamuphonya. Amai anali kukalipa ali pakhonde: "Iwe, uzanigwetsela nyumba!"

Ndinatulutsa foni. Netiweki kumeneko imabwela ikafuna, koma ndinali ndi kavidiyo kamene ndinasunga ndili ku Lusaka, ka mpikisano wa padziko lonse wa racquetball. Mnyamatayo anapenya kwa kanthawi, thukuta lili cucucu, kenaka anati: "Amalume, awa anibela masewela anga."

Sanalakwe kwenikweni. Racquetball ndi kumenyanitsa mpila ndi cipupa, kungoti zipupa zake ndi zinai ndipo denga nalo limawelengedwa. Cipinda cake ndi ca mamita pafupifupi 12 m'litali, 6 m'lifupi ndi 6 kupita m'mwamba. Anthu awili amalowamo, wina amenya mpila kuti ugunde cipupa ca kutsogolo, mnzake ayenela kuubweza usanadumphe pansi kawili. Mpila wake ndi wa labala, wodumpha kwambili, ndiye cifukwa cake osewela amavala magalasi oteteza maso ndi kumanga laketi ku dzanja ndi kacingwe. Anayambitsa ndi Joseph Sobek wa ku America mu 1950, ndipo mpikisano woyamba wa maiko onse unacitikila ku Santa Clara, California, mu 1981. Amene amauyendetsa ndi a International Racquetball Federation.

Kavidiyo kanga kanali ka mu 2022 ku San Luis Potosí, m'dziko la Mexico. Kumbali ya akazi anapambana Paola Longoria, mwana wa mumzinda womwewo, amene watenga cikho ici kangapo. Koma cimene cinandigwila mtima ndi ca amuna. Anapambana Conrrado Moscoso wa ku Bolivia.

Bolivia muiganizile bwino. Ilibe doko la panyanja, monga ife. Cuma cake cadalila kwambili za pansi pa nthaka, monga ife. Si dziko lolemela. Koma m'mizinda yake monga Sucre, Cochabamba ndi Santa Cruz, racquetball ndi masewela odziwika, ndipo ana amakula akudziwa kumene kuli bwalo. Dziko limeneli lafika pogonjetsa America pa masewela amene anabadwila ku America komweko.

Kuno kwathu m'bale wake wa racquetball amene timadziwa ndi squash. Cipinda cake ndi cocepelako, mamita 9.75 kwa 6.4, mpila ndi waung'ono ndipo sudumpha mpaka utatentha, komanso denga silisewela. Squash inazika mizu m'makalabu a migodi ku Copperbelt ndi m'makalabu a m'tauni. Nthawi ya ZCCM migodi inali kusamala mabwalo a masewela osiyanasiyana, ndipo mwana wa wanchito wamba anali ndi mwai wolowamo. Zambia yatulutsa osewela monga Patrick Chifunda ndi Lazarus Chilufya, amene ananyamula mbendela yathu ku Commonwealth Games. Migodi itagulitsidwa ca m'ma 2000, makalabu ambili anasowa wowayang'anila. Zinango mudziwa kale.

Ine bwalo la squash ndinaliona koyamba ndili ndi zaka 21, ndili ku koleji ya utolankhani. Tsiku lina ndinapita pa kalabu ina mu Lusaka kufuna kuyesako. Alonda pa geti anandiyang'ana kuyambila kumapazi. "Muli membala, bwana?" Ndinati iyai. "Manje mufuna ndani?" Sindinali kufuna munthu aliyense, ndinali kufuna cipupa cabe. Ndinabwelela. Sindiwaimba mlandu alondawo, anali pa nchito. Koma kuyambila tsiku lija ndikamva akulu-akulu a zamasewela akukamba kuti adzafuna matalente mpaka kumidzi, ndimafunsa kuti akawapeza adzawalowetsa pa geti iti.

Nkhani iyi yafika popsa tsopano. Mu October 2023 a IOC anavomeleza kuti squash idzakhalepo pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028. Racquetball ikali panja. Ndipo akatswili a squash masiku ano ali mu Africa muno, ku Egypt: Nour El Sherbini ndi anzake atenga zikho za padziko lonse mobwelezabweleza. So palibe anganene kuti ni za azungu.

Usiku umenewo tikudya, mnyamata uja anayamba nkhani. "Amalume, munitengeko ku Lusaka. Nizayamba kusewela ca zoona." Alongo anga anaika nthongo ya nsima pansi. "Acimwene, musamupatse maganizo mwana uyu. Ali na mayeso. Mpila adzadya?" Ndinakhala cete, cifukwa ine ku Lusaka ndimakhala m'kacipinda kamodzi ku Mtendere, ndipo ndalama ya umembala wa kalabu, nsapato, laketi ndi minibasi yopita ndi kubwela ndilibe. Kumuuza kuti inde kukanakhala kumunamiza. Kumuuza kuti aleke, nditaona dzanja lake ndi maso anga, kunandikanika.

Amene anatilanditsa ndi amalume anga, omanga nyumba a kale, amene anali kumvetsela ali duu pa mpando wao. Anafunsa kuti cipindaco cikula bwanji. Ndinawauza. Anaseka. "Ndiye ici cokha? Kalasi imodzi yopanda madesiki?" Ku Msoro njelwa si zacilendo. Mishoni ya Anglican, imene anayambitsa wansembe Leonard Kamungu asanamwalile mu 1913, inasiya luso la zomangamanga, ndipo lelo anthu amaumba ndi kuocha njelwa zao. Cimene cimavuta, anatelo amalume, ndi simenti ya pansi ndi pulasitala yosalala, kuti mpila uzibwela moongoka.

M'mawa mwake ndinawapeza awiliwo kuseli kwa khola la mbuzi, akuyesa malo ndi mapazi ndi kukhoma zikhomo. Amalume anati denga tiiwale, tiyambe ndi cipupa cimodzi ca kutsogolo ndi tiwili tam'mbali tofupika. Anandilembela pa kapepala matumba a simenti amene afuna, ati popeza ndine wa m'tauni.

Kapepalako kali m'cikwama canga. Nditabwela ku Lusaka ndinazungulila salaula ya ku Soweto mpaka ndinapeza laketi ya squash, yoduka zingwe ziwili. Wogulitsa anali kuichula kuti ya tenesi, sindinamutsutse. Ndaituma ndi kondakitala wa basi ya ku Chipata kuti akaisiye pa Katete. Dzulo alongo anga anandiimbila foni. Ati laketi yafika, mayeso ayamba Lolemba, ndipo aibisa pamwamba pa kabati mpaka atatsiliza.