Kumasulira Mau: Njira Ziwiri

Pa chuthi ndinamva amalume akuti, "GMO ndi mbeu ya m'sitolo ija yosabzala kawiri." Ine ndinangobvomera, koma nditabwerera kuno ndinaona kuti mau ao akukwana ndi cimanga ca haibridi comwe, cimene si GMO ai. Kumasulira kotere nkwa pabwalo: munthu amangochula cizindikiro cimodzi, kapena cimene mtima wace ukumva.

Kumasulira kwa m'kalasi kumakhala pa mafuwa atatu: dzina, gulu lace, ndi cimene cicisiyanitsa ndi zinzace. Tsono tinene cotere: GMO ndi camoyo cimene majini ace anasinthidwa ndi akatswiri m'labotale, osati mwa kukwatitsa mbeu m'munda. Thonje la Bt likulowamo, pakuti analiika jini ya bakiteriya wa m'dothi, Bacillus thuringiensis, kuti mbozi zikadya zizifa. Haibridi watsala kunja.

Musayese nkhani yocepa, anzanga. Pa njala ya 2002 Zambia anakana cimanga ca GMO, pamene Malawi anacilandira cogaya kuti anthu asacibzale. Amalume ndawalembera kalata yolongosola zonsezi, koma kufikira lero sanayankhe.