Njira Zitatu Zokopera Anthu ndi Mawu

Wogula wochenjera pa msika wa Songani amamvetsera mawu a wogulitsa, komabe amayamba wapenda nthochizo asanatulutse ndalama. Wowerenga ayenera kuchita chimodzimodzi ndi zolembedwa zofuna kumukopa.

Aristotle, wanzeru wa ku Girisi, anaphunzitsa kuti wokopa anthu amadalira zinthu zitatu. Choyamba ndicho mbiri yake yomuchititsa kukhulupirika, imene Agiriki anaitcha ethos. Chachiwiri ndicho kukhudza mtima, pathos. Chachitatu ndicho zifukwa zomveka, logos.

Zonsezi zioneka m'kalata imene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914, yotsutsa kutengera anthu akuda ku nkhondo ya Azungu. Iye analemba ngati mbusa wolankhulira anthu a mtundu wake. Imeneyo ndiyo mbiri. Anakumbutsa za akazi amasiye ndi ana amasiye otsala mu umphawi. Pamenepo anakhudza mtima. Ndipo anati kunkhondo kupite eni chuma, pakuti wosauka alibe chimene apindulapo. Chimenecho ndicho chifukwa. Anafunsanso ngati anthu akuda adzaona zabwino nkhondo itatha. Funso lotere silidikira yankho, koma limusiya wowerenga adziyankhe yekha mumtima.

Tsono mphunzitsi azoloweretse ana kufunsa mafunso atatu: Walemba ndani? Afuna ndimve chiyani mumtima? Umboni wake uli kuti? Kukhudza mtima sikulakwa ayi, koma kukakhala kopanda umboni nkoopsa. Mwana wodziwa kusiyanitsa ziwirizi sadzanyengeka msanga, ngakhale wolankhulayo akhale wa pakamwa pokoma.