Ubwino wa Makalabu a Achinyamata Ana Akaweruka Kusukulu

Unduna ukudziwa kuti ana akaweruka kusukulu amafunika kumunda kapena pa okala. Komabe ukupempha makolo kuti aziwapatsa mpata wopita ku makalabu a achinyamata.

Kumeneko ana amasankha okha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Potero amaphunzira kusunga nthawi, kumvera maganizo a anzawo, ndiponso kufotokoza poyera momwe ndalama za gulu zayendera. M'makalabu a zachilengedwe amasamalira mbande ku nazale, n'kudzaziwoka m'nyengo yobzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Mwana wozolowera zotere sadzaopa kufunsa mafunso pamsonkhano wa chitukuko cha m'mudzi, ndipo akadzakwanitsa zaka 18 adzavota mozindikira. Paja kuwongola mtengo mpoyamba.

Kuti mudziwe zambiri, funsani mphunzitsi wamkulu kapena ku ofesi ya achinyamata ya m'boma lanu.