Chifukwa chake chinangwa chimachepa ufa mvula ikayamba

Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikangogwa, alangizi a m'madera olima chinangwa monga Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga amamva dandaulo lomwelomwe: munda womwe unkapereka makaka ochuluka mu Seputembala ukutulutsa chinangwa chamadzimadzi, cholimba mumphika, chosatuluka ufa. Ena amaganiza kuti mbewu yasuluka kapena yagwidwa ndi matenda. Kawirikawiri si choncho ayi.

Muzu wa chinangwa ndi nkhokwe ya mbewuyo. Masamba amapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, ndipo shugayo akafika kumizu amasungidwa ngati sitachi, yemwe ndiye ufa wa kondowole. M'chilimwe chinangwa chimayoyola masamba ambiri ndipo chimaleka kukula, nkhokweyo n'kukhala yodzaza. Mvula ikabwera, chimafunika mphamvu yophukitsira masamba atsopano, ndipo koitenga ndi kumizu komweko.

Ntchito yotsegula nkhokweyi imagwiridwa ndi ma enzyme, tizinthu tosaoneka ndi maso tomwe timafulumizitsa kusintha kwa chakudya m'kati mwa mbewu. Ma enzyme monga amylase amaphwanya sitachi kukhala shuga, yemwe amasungunuka m'madzi n'kukwera kunthambi. Aliyense amene anatherekapo thobwa amaidziwa ntchitoyi, chifukwa ndi amylase wa m'chimera amene amasungunula phala ndi kulitsekemeretsa. Nthawi yomweyo mizu imamwa madzi ambiri, kotero kilogalamu imodzi ya chinangwa imakhala ndi ufa wochepa kuposa kale. Kuchepaku kumapitirira mpaka masamba atsopano atakhwima n'kuyambanso kutumiza chakudya pansi, zomwe zimatenga miyezi ingapo.

Pali chizolowezi china chomwe chimayambitsa zomwezi ngakhale mvula isanagwe: kudula mitengo ya mbewu n'kusiya mizu m'nthaka kwa masabata ambiri. Zitsa zikaphuka, sitachi wayamba kale kupita. Kuthyola chigwada mopitiriza muyeso kumabwezanso zokolola m'mbuyo.

Choncho wofuna makaka, ufa kapena chinangwa chogulitsa kwa opanga sitachi akumbe mvula isanayambe. N'zoona kuti mu Okutobala nthaka imakhala youma gwa ndipo mizu imaduka pokumba, koma kudikira kuti nthaka ifewe kumangopeputsa khasu, thumba la ufa n'kupepukanso. Amene wachedwa, ndipo masamba aphuka kale, ndi bwino angokumba chodya tsiku limenelo, chotsalacho adikire. Izi zikukhudzanso Mbundumali wogulitsa wamuwisi kumsika, poti ogula amabwerera kwa mlimi amene chinangwa chake chimapsa msanga.

Chenjezo ndi lakuti m'nyengo youma chinangwa chowawa chimakhala ndi poizoni wochuluka. Masiku oviika asafupikitsidwe, ndipo chiyanikidwe mpaka chiumitsitse.

Alimi otsogolera angathe kuonetsa anzawo kusiyanaku ndi sikelo chabe. Chinangwa chokhwima bwino chimakhala ndi madzi pafupifupi magawo 60 mpaka 65 pa 100 alionse, kotero makilogalamu 10 osendasenda ayenera kupereka makaka pafupifupi makilogalamu 4. Ayese m'munda umodzi, mtundu umodzi, kumapeto kwa Seputembala, kenako abwerezenso patatha masabata anayi mvula itayamba, ndipo zotsatira zonse ziwiri azilembe m'buku la gulu.