Kampeni ya Living Wage ku London

Kampeni ya Living Wage ndi ntchito yolimbikitsa olemba anthu ntchito ku Britain kuti azipereka malipiro okwanira kudyetsa banja, kulipira lendi ndi kukwera basi popita kuntchito, osati malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola. Inayamba m'chaka cha 2001 kum'mawa kwa mzinda wa London, dera limene panthawiyo linali ndi mabanja ambiri osauka komanso anthu ochokera m'maiko ena. Bungwe limene linayambitsa kampeniyi ndi TELCO, mgwirizano wa mipingo, mizikiti, sukulu ndi mabungwe a anthu apantchito, umene uli pansi pa bungwe la Citizens UK.

Chiyambi

Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la malipiro otsikitsitsa mu Epulo 1999, ndipo munthu wamkulu ankayenera kulandira £3.60 pa ola. Ku London ndalama imeneyi inali yochepa kwambiri chifukwa cha kukwera mtengo kwa nyumba. Atsogoleri a TELCO atayamba kucheza ndi anthu m'matchalitchi ndi m'sukulu, dandaulo limene ankalimva kawirikawiri linali lakuti makolo akugwira ntchito ziwiri kapena zitatu, ena usiku wonse, koma ndalama sizikukwana ndipo alibe nthawi yokhala ndi ana awo. Ambiri mwa iwo anali okolopa ndi kusesa m'zipatala ndi m'mabanki, alonda, ndi ophika. Sankalembedwa ntchito ndi chipatala kapena banki yeniyeniyo, koma ndi makampani ena amene anapatsidwa kontrakiti, choncho mwini nyumba ankatha kunena kuti nkhani ya malipiro si yake.

Maganizo a kampeniyi anachokera ku Baltimore, ku United States, kumene bungwe la BUILD linachititsa kuti mzindawo ukhazikitse lamulo lotere m'chaka cha 1994.

Njira zimene anagwiritsa ntchito

Ochita kampeni sanayambe ndi kupita ku nyumba ya malamulo. Anasankha kulunjika kwa olemba ntchito mmodzimmodzi, kuyambira ndi zipatala za kum'mawa kwa London ndi mabanki akuluakulu a ku Canary Wharf. Njira ina imene inatchuka inali kugula masheya ochepa m'kampani n'cholinga chopeza ufulu wolankhula pamsonkhano wapachaka wa eni masheya. Mu 2003, munthu wina woyeretsa maofesi a banki ya HSBC usiku anaimirira pamsonkhano wotere n'kuuza wapampando wa bankiyo, Sir John Bond, mmene banja lake likuvutikira ndi malipiro amene amalandira. Nkhaniyi inafala m'manyuzipepala, ndipo n'zosadabwitsa: kampani imene ingathe kunyalanyaza kalata imavutika kukana munthu amene waima pamaso pake anthu akuona.

Mu 2005, meya wa London, Ken Livingstone, anakhazikitsa ofesi yowerengera malipirowa chaka ndi chaka, ndipo mlingo woyamba unali £6.70 pa ola. Boris Johnson, amene analowa m'malo mwake mu 2008 ndipo anali wa chipani china, anapitiriza ndondomekoyi. Mu 2011 kunakhazikitsidwa bungwe la Living Wage Foundation, lomwe limapereka chizindikiro kwa olemba ntchito amene avomera kulipira mlingowu. Kuti kampani ilandire chizindikirochi, iyenera kulipira bwino ngakhale antchito a makontrakitala amene amagwira ntchito pamalo ake nthawi zonse. Mfundo imeneyi ndiyo inathetsa mpata wozembera uja.

Mmene mlingo umawerengedwera

Kuyambira mu 2016, bungwe la Resolution Foundation ndi limene limawerengera mlingowu. Amaona mitengo ya chakudya, lendi, magetsi, maulendo ndi kusamalira ana, poganizira mitundu yosiyanasiyana ya mabanja, kenako n'kuchotsa misonkho ndi kuwonjezera thandizo limene boma limapereka. Pamakhala milingo iwiri. Mu Okutobala 2024 analengeza £13.85 pa ola ku London ndi £12.60 kumadera ena onse a dzikolo. Panthawiyo olemba ntchito oposa 15,000 anali atalandira chizindikirochi.

Pali chisokonezo pa dzina. Mu Epulo 2016 boma linayamba kutchula malipiro otsikitsitsa a anthu a zaka 25 kupita m'tsogolo kuti National Living Wage, pa mlingo wa £7.20. Amenewa ndi okakamiza mwalamulo, koma amawerengedwa potengera malipiro a anthu ena m'dzikolo, osati mtengo wa zinthu, ndipo ndi ofanana ku London ndi kwina konse. Mu Epulo 2025 anafika pa £12.21 kwa anthu a zaka 21 kupita m'tsogolo.

Zofooka

Palibe amene amakakamizidwa kulowa m'ndondomekoyi, choncho ntchito zimene zili ndi anthu ambiri olandira ndalama zochepa, monga za m'malesitilanti, m'masitolo ang'onoang'ono ndi zosamalira okalamba, zimatsalira. Makampani osamalira okalamba amadalira ndalama zochokera ku makhonsolo, ndipo nthawi zambiri amati sangakweze malipiro ngati khonsolo sinakweze zimene imawapatsa.

Vuto lina ndi maola. Malipiro abwino pa ola sathandiza kwenikweni munthu amene sabata ino wapatsidwa maola 30, sabata yamawa 8. Pachifukwa chimenechi, mu 2019 Living Wage Foundation inayambitsa ndondomeko ya Living Hours, imene imafuna kuti wantchito atsimikiziridwe maola osachepera 16 pa sabata, pokhapokha ngati iye mwini akufuna ochepera, ndiponso adziwitsidwe za nthawi yake yogwirira ntchito kudakali milungu inayi. Komanso mabanja amene amalandira thandizo la boma la Universal Credit sapeza phindu lonse la malipiro okwera, chifukwa akapyola mlingo wina wake, boma limachotsa mapeni 55 pa thandizolo pa paundi iliyonse imene apeza kuntchito.