Walira mvula walira matope

Chaka chilichonse mu Novembala alimi tonse timayang'ana kumwamba kupempha mvula. Koma ikangofika Januwale, pakamwa pomwepo pamayamba kutuluka madandaulo: msewu waterera, denga likudontha, nkhuni zanyowa, udzu m'munda wakula ngati tidachita kuufesa. Makolo athu adaziona kale zimenezi, nchifukwa chake adati walira mvula walira matope.

Pa ntchito yanga yoyendera minda ndi kulangiza alimi, madandaulo otere ndimawamva tsiku ndi tsiku, ndipo ndimawagawa pawiri. Pali tsoka lenileni, ndiye pali zongotopetsa chabe. Mlimi wosasiyanitsa ziwirizi amataya mtima msanga, ndipo wotaya mtima khasu limamulemera.

Tsoka lenileni dziko lino likulidziwa. Agogo athu amasimba za njala ya 1949 imene idapha anthu m'chigawo cha kummwera, makamaka m'madera ozungulira Blantyre. Mu 1992 chilala chidachepetsa zokolola za chimanga ndi kuposa theka, mpaka tidadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Mu 2002 mabanja ena adafika podya gaga ndi zitsa za nthochi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 ndi kukokolola minda ku Phalombe, Mulanje, Nsanje ndi maboma ena. Chaka chotsatira, mu 2024, ng'amba idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Funsani amene adaona zimenezi ngati masiku amenewo adadandaulapo za matope a pakhomo.

Tsono tikaona udzu wamera, tikumbukire kuti umamera pamene pali chinyontho. Chinyontho chomwecho ndicho chikukulitsa chimanga chathu. Msana ukamapweteka ndi kupalira, ndiye kuti m'mundamo muli choti tipalire. Mu chaka cha chilala mpini sutupitsa manja, koma nkhokwe imakhala yopanda kanthu.

Sindikunena kuti tizikhala chete pa chilichonse ayi. Mtengo wa feteleza ukakwera mopyola muyezo, kapena mavenda akamatibera ndi masikelo achinyengo, imeneyo ndi nkhani yoti tiyankhule mokweza kudzera m'makalabu athu ndi kwa atsogoleri. Koma munthu amene amalira pa kanthu kalikonse, tsiku lolira zenizeni anthu samumvanso.

Kwa mlimi, kuthokoza kwenikweni kumaonekera m'munda. Ngati mvula yagwa, tiisunge: mizere ikhale yopingasa pa malo otsetsereka, tiikemo ngonyeka kuti madzi alowe pansi, ndipo pa akalozera tibzalepo udzu wa vetiva. Ngati mbewu yamera, tiiteteze. Masabata 6 oyambirira ndi amene udzu umalanda chakudya cha chimanga kwambiri, choncho tipalire koyamba pasanathe masabata 3 chimanga chitamera, ndipo tibwereze masabata 6 asanakwane. Feteleza wobereketsa, monga Urea, tithire nthaka ili yonyowa ndipo timukwirire, chifukwa akakhala pamtunda mphamvu yake imauluka. Tiziyenderanso munda kawirikawiri ndi kusuzumira m'nsonga za chimanga kuti mbozi tizione zikadali zazing'ono.

Pokolola napo mpofunika mtima womwewo. Chimanga chiume bwino tisanasunge. Njira yapafupi yoyesera ndi kuika maso a chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Chikauma tichiteteze kwa anankafumbwe ndi mankhwala ovomerezeka kapena matumba osalowa mpweya. Mapesi tisatenthe, tiwabwezere m'nthaka imene yatidyetsa. Ndipo tisagulitse chonse mu Meyi pamene mtengo uli pansi, kenaka nkudzagula chomwecho modula mu Febuluwale.

Pomaliza, alimi anzanga, madzulo ano mukaweruka kumunda, musanawerenge zimene zakutopetsani, yambani mwawerenga zimene muli nazo: munda, mbewu yomera, manja olimba, ndi anansi amene mungabwerekeko khasu. Matope a pa mapazi amachoka ndi ndowa imodzi ya madzi, pomwe njala ikalowa m'nyumba imatenga chaka kuti ituluke.