Fair Debt Collection Practices Act

Fair Debt Collection Practices Act, mwachidule FDCPA, ndi lamulo la dziko la United States loteteza anthu kwa makampani otolera ngongole. Pulezidenti Jimmy Carter adalisainira mu 1977 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1978. Limakhudza ngongole za munthu payekha kapena za pabanja, monga za kuchipatala ndi za makadi a ngongole, osati za bizinesi. Kwenikweni limalondoloza makampani otolera ngongole m'malo mwa amene adakongoza ndalamazo.

Kutsutsa ngongole

Wotolera ngongole akalankhula ndi munthu koyamba, ayenera kumudziwitsa pasanathe masiku 5 kuchuluka kwa ndalamazo ndiponso dzina la amene akuziitanitsa. Akalandira uthengawo, munthuyo amakhala ndi masiku 30 oti atsutse. Akatsutsa polemba kalata m'nthawi imeneyi, kampaniyo iyenera kusiya kaye kumulonjerera mpaka itamutumizira umboni wa ngongoleyo. Khoti silingatenge kukhala chete kwa munthu ngati kuvomera ngongole.

Lamuloli limaletsanso kuimba foni isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itadutsa 9 koloko usiku, kuopseza, kutukwana ndi kunama za kukula kwa ngongole. Wolakwiridwa angasumire kampaniyo pasanathe chaka chimodzi, ndipo khoti lingamupatse ndalama zofika $1,000 kuwonjezera pa chipukuta misozi cha zomwe wataya.

Mbiri ya ngongole

Ngongole yosabweza imalembedwa m'mbiri ya munthu yomwe amasunga makampani monga Equifax, Experian ndi TransUnion. Mabanki, eni nyumba za lendi komanso olemba ntchito ena amaona mbiriyi, choncho ngongole yolembedwa molakwika ingamulepheretse munthu kupeza nyumba kapena kumukwezera chiwongola dzanja.

Apa pamagwira ntchito lamulo lina la mu 1970, Fair Credit Reporting Act. Munthu akadandaula kwa kampani yosunga mbiri, iyo iyenera kufufuza, kawirikawiri pasanathe masiku 30, ndi kukonza kapena kufufuta zomwe sizinatsimikizike. Zambiri zoipitsa mbiri zimachotsedwa pakatha zaka 7. Wotolera ngongole akamapereka lipoti la ngongole yomwe akudziwa kuti mwini wake akuikana, ayenera kunena kuti pali mkangano.

Oyang'anira

Mabungwe a boma a Federal Trade Commission ndi Consumer Financial Protection Bureau, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Dodd-Frank la mu 2010, ndiwo amaonetsetsa kuti malamulowa akutsatidwa.